Kampani yakunja siibwera ndi malamulo akwawo

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva anthu akunena kuti ukalembedwa ntchito pa kampani yomwe likulu lake lili kunja, malamulo a kuno sakukhudza, ndipo bwana akhoza kukuchotsa tsiku lililonse popanda womufunsa. Zafika potopetsa.

Kampani ikatsegula nthambi ku Malawi imatsata malamulo a zantchito a Malawi. Likulu likhoza kutumiza ndondomeko zake, kaya za mabonasi kaya za kavalidwe, koma sizingachepetse zomwe lamulo la zantchito la Malawi, Employment Act ya 2000, limapatsa wantchito. Wolandira malipiro pamwezi amayenera notisi ya mwezi umodzi, kupatula pa mlandu waukulu monga kuba, ndipo ngakhale pamenepo ayenera kupatsidwa mpata wodziteteza asanachotsedwe. Tchuthi cha pachaka ndi masiku 18 kwa wogwira masiku 6 pa sabata, masiku 15 kwa wogwira masiku 5. N'chifukwa chake a HR (oyang'anira nkhani za antchito) m'makampani otere mutu umawapweteka: dziko lililonse lili ndi buku lake.

Tengani kontrakiti yanu muiyerekeze ndi lamulolo, likupezeka pa intaneti. Pomwe simukumvetsa, kafunseni ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu. Uthenga wa pa WhatsApp wosatchula gawo la lamulo, chonde musautumize kwa anzanu musanaufufuze.