Timibulu ta PLGA tonyamula mankhwala m'thupi

Amene anasokedwapo bala ndi ulusi wosungunuka wokha anakumana kale ndi pulasitiki amene tikunena pano. Ulusi wa Vicryl ndi wa m'banja la PLGA, yomwe imapangidwa polumikiza lactic acid ndi glycolic acid kukhala tcheni chachitali. Madzi a m'thupi amadula tchenicho pang'onopang'ono, zidutswa zake n'kuthera kukhala madzi ndi mpweya umene timapuma potulutsa.

Ndi PLGA yomweyi, asayansi amaumba timibulu tonyamula mankhwala, tating'ono kwambiri, ta nanomita 100 mpaka 200, pamene tsitsi limodzi limanenepa nanomita pafupifupi 80,000. Amasungunula PLGA ndi mankhwala mu chosungunulira monga ethyl acetate kapena dichloromethane, n'kuthira m'madzi okhala ndi 1 peresenti ya PVA, yomwe imaletsa madontho ake kuphatikizana. Makina a sonicator, ogwiritsa ntchito mafunde a phokoso, amaphwanya madonthowo botolo lili mu ayisi, chifukwa kutentha kumaononga mankhwala. Kenako amatakasa maola angapo kuti chosungunulira chija chiuluke, timibulu tilimbe. Akatsuka amaumitsa mozizira, koma akaiwala kuthiramo shuga wa trehalose, timibulu timaundana ngati ufa wonyowa ndipo sitibalalikanso m'madzi.

Liwiro la kusungunuka limadalira muyezo wa asidi awiriwo. PLGA ya 50:50, yomwe asidi awiriwo ndi ofanana kuchuluka, ndiyo imatha msanga. Ya 75:25 kapena 85:15, yokhala ndi lactic acid wochuluka, imakhalitsa, poti m'tchenimo mbali za lactic acid sizikonda madzi.

Vuto lalikulu ndi ili: mankhwala ena amamatirira kunja kwa kambulu m'malo molowa m'kati, ndiye amakhuthuka onse pa tsiku loyamba, wodwala n'kulandira ochuluka mopitirira muyezo, masiku otsatira n'kuperewedwa. Palinso asidi amene amaunjikana m'kati pamene kambulu kakusungunuka, ndipo mankhwala a mtundu wa mapuloteni amaonongeka nawo asanatuluke n'komwe.

Timibulu tikalowa m'magazi, maselo oteteza thupi otchedwa macrophage, makamaka a m'chiwindi ndi m'kapamba, amatimeza msanga. Pofuna kupewa zimenezi amatikuta ndi PEG, mankhwala okonda madzi amene amatibisa kwa maselowo. Koma pa chifuwa chachikulu kumezedwako n'kumene kukufunika, popeza tizilombo ta TB timabisala m'maselo omwewo. N'chifukwa chake ofufuza a CSIR, bungwe la kafukufuku wa sayansi la ku South Africa, ku Pretoria anayesa kuika rifampicin ndi mankhwala ena a TB m'timibulu totere, pofuna kuti wodwala asamamwe mapiritsi tsiku lililonse kwa miyezi 6.