Chimene chikupha mabatire m'nyumba za mu Lusaka

Batire la inverter (makina osintha magetsi a batire kukhala a m'nyumba) lomwe wogulitsa ku Kamwala analonjeza kuti likhala zaka zitatu, m'nyumba zambiri likumafa chaka chisanathe. Eni ake amathamangira kunena kuti anawagulitsa lachinyengo. Mabatire achinyengo alipo ndithu, koma ambiri amafa chifukwa amakamidwa kwambiri usiku uliwonse, ndipo m'nyengo ya kuzimazima kwa magetsi, malaiti a ZESCO akabwera sakhalitsa mokwanira kuti awadzazenso.

Magetsi opitirira 80 peresenti a dziko la Zambia amachokera ku madzi, makamaka ku Kariba ndi ku Kafue Gorge. Chilala cha 2024, chomwe Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza mu February kuti ndi tsoka la dziko, chinatsitsa madzi ku Kariba moti pofika September madera ambiri ankakhala maola mpaka 21 pa tsiku opanda malaiti. Maola 3 otsalawo ndi amene anapha mabatire ambiri.

Tiwerengere limodzi. Batire la 12V 100Ah limasunga magetsi okwana 1,200Wh. Ngati ndi la mtovu, kaya la gel kaya lothira madzi, muyenera kugwiritsa ntchito theka lokha, 600Wh. Inverter nayo imadyapo gawo lake, ndiye mumatsala ndi pafupifupi 500Wh. TV ya mawati 60, mababu anayi a LED a mawati 9 lililonse, router ya mawati 10 ndi mafoni awiri pa chaja, zonse pamodzi ndi mawati pafupifupi 120. Batire limenelo likupatsani maola anayi basi. Anthu ambiri amapitiriza mpaka inverter italira yokha, koma ma inverter ambiri amalira batire litatsika kufika cha m'ma 10.5V, pomwe latheratu. Gulani multimeter, kachipangizo koyezera mphamvu ya magetsi. Batire likapuma kwa ola limodzi osalumikizidwa ku chilichonse, 12.7V ndiye kuti ladzaza, 12.2V latsala theka. Pamenepo zimitsani.

Kudzaza ndiye kumavuta kwambiri. Chaja ya 10A imafuna maola 5 kuti ibwezere 50Ah, theka lija mwagwiritsa ntchito, kuwonjezapo maola ena awiri kapena atatu omalizitsa, chifukwa batire la mtovu likayandikira kudzaza limalandira magetsi pang'onopang'ono. Malaiti akakhala maola 3 okha, batire limayamba usiku wotsatira lisanakhute, mawa lake chimodzimodzi. Mkatimo timiyala ta sulphate timauma pa mbale za mtovu ndipo sitisungunukanso. Chizindikiro chake n'chakuti batire limaonetsa kudzaza msanga, koma mukayatsa TV limatha mphindi zochepa. Likafika apo, palibe madzi kapena asidi amene angalidzutse.

Mankhwala ake ndi kusadalira ZESCO yokha pochaja. Panelo ya sola ya mawati 300, pa dzuwa la ku Lusaka, imatha kupereka kupitirira 1,000Wh pa tsiku lopanda mitambo, zokwanira kudzaza batire lija. Iyang'ane kumpoto, itapendekeka madigiri pafupifupi 15, ndipo idutsire pa charge controller, kachipangizo kolamulira kachajidwe ka batire, osalumikiza molunjika ku batire. Kuyambira August mpaka October fumbi limachuluka, choncho muziitsuka m'mawa galasi lisanatenthe. Amene thumba likulola, batire la lithium la mtundu wa LiFePO4 ndi labwino pa vuto lathuli: limalola kugwiritsa ntchito 80 peresenti, limachajika msanga, ndipo silionongeka chifukwa chosadzaza. Mtengo wake ndi wokwera, koma kugula la gel chaka ndi chaka kumaposa pamenepo. Batire la galimoto lisiyeni, linapangidwira kuliza injini kwa masekondi ochepa.

Ketulo, simbi ndi sitovu zimakoka mawati 1,000 mpaka 2,000. Zimenezo n'za mbaula ndi malasha kapena gasi. Firiji imakoka zochepa ikamayenda, koma poyamba kulira imafuna magetsi ochuluka katatu kapena kasanu, n'chifukwa chake inverter yaing'ono imazima. Ikani fridge guard pa soketi yake kuti malaiti akabwera idikire mphindi zingapo, popeza nthawi imeneyo mphamvu ya magetsi imakwera ndi kutsika, ndipo kompresa imapsa.

Mawaya nawo amapeputsidwa. Inverter ya mawati 1,000 pa 12V imakoka kupitirira 80A, ndiye pamafunika waya wonenepa wa 25mm², wamfupi, wokhala ndi fyuzi pafupi ndi batire. Waya woonda amatentha mpaka kuyatsa moto. Batire likhale pamalo ozizira odutsa mphepo, chifukwa kutentha kwa mu October m'kachipinda ka malata kumafupikitsa moyo wake, komanso lothira madzi limatulutsa mpweya woyaka likamachaja.

Ngati inverter kapena jenereta ilowa m'mawaya a nyumba yonse, payenera kukhala changeover switch, swichi yolekanitsa magetsi anu ndi a ZESCO, yoikidwa ndi katswiri wa zamagetsi. Popanda imeneyo magetsi anu amabwerera ku mawaya a panja, ndipo angaphe munthu amene wakwera pa polo kukakonza akudziwa kuti mzerewo wazimitsidwa. Jenereta ikhale panja, kutali ndi mawindo, chifukwa mu utsi wake muli mpweya wa carbon monoxide umene sununkha koma umapha anthu ali m'tulo.