Phala lotuluka m'thanki ya gasi lisamaume padzuwa

Pa ntchito yanga ya ulangizi ndimafika m'makomo a alimi a ng'ombe zamkaka amene anamanga thanki yopangira gasi wophikira kuchokera ku ndowe. Kukhitchini amandionetsa moto wabuluu monyadira. Koma tikazungulira kuseri, ndimapeza phala lotuluka m'thankimo likungoyenderera m'ngalande, lina litauma gwa, litang'aluka ngati dambo la mu Okutobala. Zimandipweteka mtima, chifukwa mlimi yemweyo ndiye akulira ndi mtengo wa feteleza.

Ambiri amaganiza kuti gasi akatuluka, mphamvu ya ndowe yatha. Si choncho ayi. Tizilombo tosaoneka ndi maso timene timagaya ndowe m'thankimo timatulutsa mpweya wa methane ndi wa carbon dioxide, ndipo methane ndiye amayaka. Nayitulojeni, fosifolasi ndi potaziyamu, zomwe timagula m'thumba la feteleza, zimatsala m'phala. Kuposa apo, gawo lalikulu la nayitulojeniyo limakhala litasanduka amoniyamu, amene mizu imayamwa msanga kusiyana ndi wa m'ndowe zaziwisi. Fungo limachepa, ntchentche sizichuluka, ndipo njere zambiri za udzu zimafera m'thanki momwemo.

Vuto lili pa amoniyamu yemweyo: sachedwa kuthawa. Phala likakhala poyera, dzuwa ndi mphepo zimamuulutsa ngati mpweya. Mlimi akamadzawola zoumazo patapita miyezi, chakudya cha mbewu chofunika kwambiri chinapita kale. N'chifukwa chake ndimaumirira kuti pafupi ndi potulukira pakhale maenje awiri okhala ndi denga laudzu. M'dzenje limodzi muziyala mapesi a chimanga odulidula kapena masangwi a mtedza, kuthirapo phala, kenako mapesi enanso. Likadzaza, lisiyeni liwole uku mukudzaza linalo. Mapesi amamwa madziwo ndi kusunga chakudya, ndipo manyowa ake amanyamulika pa wilibala kapena pa ngolo.

Amene dimba kapena nthochi zili pafupi angathire phala lamadzi lomwelo, atalisungunula ndi madzi ena, m'mphepete mwa phando osati pamasamba, n'kukwirira tsiku lomwelo. Nsenjere za ng'ombe zimaphukanso bwino mukathira mutangodula.

Koma ndisakunamizeni. Phalali ndi madzi kwambiri, kupitirira magawo 90 pa 100 alionse. Thumba la yureya la makilogalamu 50 lili ndi makilogalamu 23 a nayitulojeni, ndipo kuti mufike pamenepo ndi phala pafunika migolo yambiri. Limachepetsa feteleza wogula ndi kufewetsa nthaka kuti izisunga chinyezi, koma silingalowe m'malo mwa matumba onse pa munda waukulu wa chimanga.

Ngati chimbudzi chanu chimathira m'thanki yomweyo, samalani kwambiri. Mazira a njoka zam'mimba safa onse m'menemo. Phala lotere liyambe lawolerana ndi mapesi kwa miyezi ingapo, ndipo lipite ku chimanga kapena ku mitengo, lisafike pa letesi ndi masamba ena odya osaphika.