Fodya ndi Ana Athu: Uthenga kwa Makolo ndi Olera Ana

Makolo ambiri akapeza ndudu m'thumba la yunifomu ya mwana amathamangira kunena kuti amuwononga ndi anzake. Anzake amathandizirako ndithu, koma kawirikawiri khalidweli limayambira pakhomo. Mwana amene bambo, mayi kapena mkulu wake amasuta sachedwa kuyamba nayenso, kusiyana ndi mnzake wokulira m'nyumba yopanda utsi. Ndipo ambiri mwa akuluakulu amene akulephera kusiya lero adayamba asanakwanitse zaka 18.

"Iwe, kandiyatsire nduduyi kukhitchini." Mawu amenewa timawamva m'makomo ambiri ndipo sitiwaona cholakwika. Komatu kuti ndudu isazime panjira, mwanayo amakokako kamodzi kapena kawiri. Mawa mumutuma ku okala kukagula imodzi, mkuja aona agogo akupichira chingambwe pakhonde, zotsalira zili mbwee pabwalo. Pofika ku sekondale amakhala akudziwa kale kogula, mtengo wake ndi kakomedwe kake. Wamuphunzitsa si mlendo ayi.

Chimene chimamanga munthu ku fodya ndi chikonga. Ubongo umapitiriza kukhwima mpaka zaka pafupifupi 25, choncho wachinyamata amakodwa msanga kuposa wamkulu. Mu utsi wa fodya muli mankhwala oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa iwo amayambitsa khansa. Bungwe la World Health Organization likuti fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse, ena mwa iwo osasuta n'komwe, ongopuma utsi wa ena. Kwa makanda utsi umenewu umabweretsa chibayo ndi matenda a m'khutu, komanso umadzutsa mphumu. Chingambwe ndi fodya wam'mphuno nazonso zili ndi chikonga chomwecho. Kulima nokha sikuchotsa poizoni.

Kwa inu a ku Kasungu, Mchinji, Dowa ndi madera ena olima fodya: masamba onyowa amalowetsa chikonga kudzera pakhungu. Mwana wothyola kapena kusoka fodya akayamba chizungulire, mutu ndi kusanza, musangoti ndi malungo, pitani naye kuchipatala ndipo mukanene ntchito imene amagwira. Ana asagwire fodya, kumunda kapena m'chigafa.

Ngati mumasuta, musasutire m'nyumba kapena pafupi ndi ana, ndipo musawatumenso kogula kapena kuyatsa. Muuzeni mwana wanu zoona, kuti inu mudakodwa ndipo simukufuna kuti iye adutse momwemo. Mukapeza kuti wayamba kale, chikwapu chimangomuphunzitsa kusutira kuseri kwa chimbudzi. Khalani naye pansi, mufunseni kuti adayamba liti komanso chikumusautsa n'chiyani, chifukwa ena amathawira ku fodya pomwe kunyumba kuli mikangano ndi kuledzera.

Amene akufuna kusiya, kholo kapena mwana, akaonane ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lawo kapena achipatala chapafupi. Masiku oyamba munthu amakwiya msanga ndiponso amasowa tulo, koma zimenezi zimachepa pakapita milungu ingapo.