Poloti ndi yanu, nanga chilolezo chomangira muli nacho?

Sipatha mwezi ku ofesi kwathu osafika munthu atanyamula kalata ya khonsolo yomuletsa kupitiriza kumanga. Kawirikawiri nyumba imakhala itafika kale pawindo, ina akuti mawa akhome malata. Funso limakhala lomwelomwelo: “Malo ndi anga, mapepala onse ndili nawo, ndiye akundiletseranji?” Ndimayamba ndawapatsa mpando, chifukwa yankho lake silikoma m’khutu. Pepala losonyeza kuti malo ndi anu ndi lina, chilolezo chomangapo ndi china, ndipo awiriwa satuluka pakhomo limodzi.

Lizi kapena kalata yokupatsani poloti imachokera kwa mwini malo. M’mizinda yathu mwini malo amatha kukhala Unduna wa za Malo, Malawi Housing Corporation, kapenanso khonsolo yomwe, makamaka m’madera ngati Kawale, Chilinde, Ndirande ndi Zingwangwa. Kalatayo ikunena za umwini basi. Zoti pamalopo pamangidwe chiyani, chachitali bwanji, chitalikirane motani ndi msewu ndi mpanda wa mnzanu, amagamula ndi a komiti yoona za mapulani ku khonsolo.

Lamulo lomwe likugwira ntchito pano ndi Physical Planning Act la 2016, lomwe linalowa m’malo mwa Town and Country Planning Act la 1988. Lakalelo linkaluma m’mizinda ndi m’madera ochepa osankhidwa. Latsopanoli linaika dziko lonse la Malawi pansi pa mapulani. Sindikunena kuti agogo akafuna kuzika nkhokwe ayambe akwera basi kupita ku boma, ayi. Koma womanga sitolo, sukulu, malo ogona alendo kapena omwetsera mafuta pa Nathenje, pa Lunzu kapena pa Ekwendeni asadzinamize kuti poti ali kunja kwa mzinda, mawu a mfumu akwanira. A mfumu angachitire umboni kuti malowo ndi a banja lanu, koma chidindo chawo si chilolezo chomangira.

Ambiri amaona ngati zonsezi ndi njira yongodyera ndalama za anthu. Ndimawamvetsa, pakuti mafayilo amachedwadi, ndipo ena amasowa kumene. Koma taonani zomwe komiti ija imayang’ana. Choyamba ndi ntchito yomwe dera lonselo linapatulidwira: pokhala anthu, pa malonda, pa mafakitale, pa sukulu, kapena pongosiya poyera. Kenaka amayang’ana zomwe inu simungazione mutaima pa polotipo: paipi yaikulu ya madzi yodutsa pansi, njira ya mawaya a ESCOM, ngalande yomwe idzakumbidwe, msewu womwe udzakuzidwe. Pa misewu ikuluikulu ngati M1, malo a msewu ndi mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa msewuwo. Mukamangamo, tsiku lodzakuza msewu nyumba idzagwa, ndipo za chipukutamisozi musaziyembekezere.

Ndiye pali mitsinje ndi mapiri. Apa ndimalankhula mosaseka. Mu February 2017 mtsinje wa Lingadzi unasefukira n’kulowa m’nyumba za anthu ku Mtandire. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, matope ndi miyala n’kutsikira pa anthu ku Chilobwe. Nyumba zambiri zomwe zinali m’mwamba mwa phirilo zinali pamalo oletsedwa kumangapo. Sindikuweruza omwe anamanga kumeneko. Munthu wosauka amamanga pomwe wapeza malo, ndipo mizinda yathu yalephera kwa zaka zambiri kugawa mapoloti okwanira. Komabe pulani ikadutsa ku khonsolo, pamakhala munthu mmodzi yemwe ntchito yake ndi kufunsa kuti madzi a mvula akatsika adzadzera pati. Wokugulitsani malo sangakufunseni zimenezo. Iye akufuna ndalama yake.

Tsono njira yake ndi yotani? Yambirani ku khonsolo musanalipire poloti n’komwe. Tengani nambala ya polotiyo mukafunse ngati ili pa mapu awo, ndi kuti inapatulidwira chiyani. Ulendo umodzi umenewu wapulumutsa anthu ambiri kwa madobadoba ogulitsa malo a manda, a msewu, kapena poloti imodzi kwa anthu atatu. Mukagula, saveya akusonyezeni mabikoni, zizindikiro za malire a polotiyo. Mpanda wa mnzanu si malire; mwina nayenso analowerera.

Kenaka pezani wojambula mapulani wovomerezeka. Pulani yogula pamsika kapena yokopera kwa mlamu wanu siidziwa poloti yanu: siidziwa kuti ndi yotsetsereka, kuti dothi lake ndi lamakande, kuti msewu uli chakumadzulo. Ku khonsolo amafuna chojambula chosonyeza komwe polotiyo ili, china chosonyeza pomwe nyumba ikhale pa polotipo pamodzi ndi thanki ya zonyansa ndi polowera galimoto, china cha zipinda, ndi china cha maonekedwe a nyumbayo mbali zonse. Ikakhala yosanja, pamafunikanso zojambula ndi masamu a injiniya, wonena kukula kwa zitsulo ndi mapilala. Apa ndi pomwe anthu amakonda kudulira njira, poti injiniya ndi wodula. Anthu a ku Blantyre akukumbukira nyumba yodyeramo ija yomwe inagwa pakati pa tauni mu 2011 ikukonzedwa, n’kupha anthu. Khoma limodzi lomwe mmisiri akuliona ngati longotchinga limatha kukhala lomwe lasenza nyumba yonse.

Mapulaniwo mumapereka limodzi ndi umboni wa umwini wa malo, n’kulipira ndalama yoti awaunike. Lipirani pa kauntala kapena ku banki, mulandire lisiti. Wina akakukokerani pambali kuti “bwana, tingokuthandizani mwachangu,” dziwani kuti chidindo chomwe angakubweretsereni mwina sichinalembedwe m’buku lililonse, ndipo tsiku la mlandu adzakukanani. Fayilo imazungulira kwa a zaumoyo, ozimitsa moto, mainjiniya, ndipo pofunika imafikanso kwa a madzi, a magetsi ndi a misewu, isanakafike ku komiti. Komitiyo imavomera, imakana, kapena imabweza kuti mukonze zina. Kubwezedwa si kukanidwa. Nthawi zambiri amangofuna kuti musunthe nyumba pang’ono kapena muonjezere poimika magalimoto. Akakana amayenera kupereka zifukwa, ndipo lamulo likukupatsani mwayi wochita apilo.

Ntchito zikuluzikulu zili ndi khomo linanso. Fakitale, hotela ya m’mbali mwa nyanja, mgodi kapena mudzi wa nyumba zambiri zimayenera kuunikidwa momwe zidzakhudzire chilengedwe ndi anthu ozungulira, pansi pa lamulo la za chilengedwe la 2017, ndipo woona zimenezi ndi bungwe loteteza chilengedwe la MEPA. Womanga nyumba zamalonda adziwenso kuti kuyambira 2018 malamulo akuletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa ntchito zotere, n’chifukwa chake mabuloko a simenti adzaza paliponse. Kontrakitala wanu akhale wolembetsedwa ku bungwe loyang’anira ntchito zomangamanga lomwe ambiri tinazolowera kulitchula kuti NCIC.

Chomwe chimakola anthu ambiri ozindikira ndi kusintha ntchito ya nyumba. Munthu ali ndi nyumba yabwinobwino ku Area 47 kapena ku Namiwawa, yomangidwa ndi chilolezo, ndiye waganiza zoisandutsa sukulu yamkaka, tchalitchi kapena malo omwera mowa. Sanagumule khoma ngakhale limodzi, choncho akuti palibe chopempha. Chilipo. Lamulo limaona kusintha ntchito ya malo ngati chitukuko chofunika chilolezo, chimodzimodzi kudula poloti pawiri kuti mugulitse theka. Ndipo pa zimenezi okanena ku khonsolo amakhala anansi anu omwe, atatopa ndi zimkuzamawu za usiku.

Abale athu a ku Joni ndi ku UK, inu ndiye mumapwetekeka koposa. Mumatumiza ndalama mwezi ndi mwezi, achimwene amatumiza zithunzi pa WhatsApp khoma likukwera, mtima n’kukhala m’malo. Musanatumize ya simenti, auzeni ajambule tsamba la pulani lomwe lili ndi chidindo cha khonsolo, ndi kalata ya chilolezo yokhala ndi nambala ya fayilo ndi dzina lanu. Ndinaonapo mayi wina atabwera kuchokera kunja n’kupeza nyumba yatha, yokongola, koma mapepala onse ali m’dzina la mlongo wake, ndipo khonde lili m’malo a msewu.

Chilolezo chikatuluka, werengani zonse zolembedwa pa kalatayo, chifukwa chimakhala ndi nthawi yake. Mukakhalitsa osayamba chimatha mphamvu. Sungani pulani imodzi yodindidwa pamalo omangirapo, ndipo itanani oyendera a khonsolo mukakumba maziko, musanathire konkire. Mmisiri akati tionjezere chipinda kuseri poti njerwa zatsala, muuzeni adikire, pulani ibwerere kaye ku khonsolo. Pomaliza pali kalata yovomereza kuti nyumbayo yatha bwino ndipo anthu angalowemo. Ambiri saitenga n’komwe, amangosamukiramo. Amadzaikumbukira patapita zaka, akafuna ngongole ku banki kapena wogula akafunsa mapepala, fayilo ija itakwiririka kale pansi pa mulu wa ena.