Chofiira pansi, choyera pamwamba

Chaka chilichonse ndikayamba kuphunzitsa mbiri ya zojambula ndi zosema zamakedzana, sipalephera wophunzira wokweza dzanja: "Aphunzitsi, nanga nyengo ya miyala inatha chaka chanji?" Iye amafuna chaka chimodzi choti aloweze, monga analowezera 1964. Ine ndimayamba ndamufunsa kuti akunena za kuti, chifukwa yankho la ku Iraq ndi la ku Dedza n'zosiyana kutalitali.

Mayina a nyengozi anabadwira m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Copenhagen, m'dziko la Denmark. Christian Jürgensen Thomsen anapatsidwa mulu wa zinthu zofukulidwa pansi kuti azisanje, ndipo anazigawa poyang'ana chimene anthu anapangira mipeni ndi nkhwangwa zawo: zamwala pazokha, za bulonzi pazokha, zachitsulo pazokha. Bulonzi ndi mkuwa wosungunulira pamodzi ndi tini kuti ulimbe. Kasanjidwe kake kanasindikizidwa mu 1836, ndipo n'komwe kunachokera Stone Age, Bronze Age ndi Iron Age. Mu 1865 John Lubbock wa ku England anadula nyengo ya miyala pawiri. Mbali yakalekale, ya anthu osaka nyama ndi kutola zipatso, anaitcha Palaeolithic. Ya pambuyo pake, ya nkhwangwa zamwala zonola bwino, anaitcha Neolithic, ndipo lero dzinali timaligwirizanitsa ndi chiyambi cha ulimi ndi midzi yokhazikika. Mawuwa asakuopseni. Ndi Chigiriki chabe: lithos ndi mwala, palaios ndi chakale, neos ndi chatsopano. Mesolithic ndi ya pakati pa ziwirizi.

Mawu amene amasokoneza anthu kwambiri ndi akuti prehistoric. Tanthauzo lake n'lakuti anthu a pamalopo anali asanayambe kulemba, basi. Sanena kanthu za nzeru zawo kapena luso la manja awo. Ku Mesopotamia (komwe lero ndi ku Iraq) ndi ku Egypt kulemba kunayamba cha m'ma 3200 Yesu asanabadwe, ndiye zosema ndi zojambula za kumeneko kuyambira pamenepo, pamodzi ndi za Agiriki ndi Aroma mpaka ufumu wa Roma wa kumadzulo utagwa mu 476, timaziika m'gulu la ancient art. Koma pamene mafumu a ku Egypt ankamanga mapiramidi a ku Giza, anthu a ku Britain ankaimika miyala ya Stonehenge osadziwa chilembo ngakhale chimodzi. Nthawi imodzimodzi, magulu awiri osiyana.

Kuganiza kuti wosalemba ndi wopanda luso kunachititsapo manyazi akatswiri akuluakulu. Mu 1879, Marcelino Sanz de Sautuola ankakumba pansi m'phanga la Altamira ku Spain, maso ali pa dothi, kufunafuna mafupa ndi zida zamwala. Mwana wake Maria, wa zaka 8, poti anali wamfupi komanso analibe chomutangwanitsa, anayang'ana kudenga n'kuona njati za ku Ulaya zofiira ndi zakuda, zina zojambulidwa pa zotupa za thanthwe kuti thupi la nyama lioneke lonenepa. Bamboyo atalengeza kuti ndi ntchito ya anthu a nyengo ya miyala, akatswiri anamuseka, ena mpaka kumunena kuti analemba ganyu munthu kuti apente. Zinali zokongola mopitirira zimene iwo ankayembekeza kwa anthu a m'mapanga. Sautuola anamwalira mu 1888 dzina lake lili lodetsedwa. Mmodzi mwa omutsutsa, Émile Cartailhac, anadzavomera poyera kulakwa kwake mu 1902, mapanga ena ofanana atapezeka ku France.

Zojambula za nyengo ya Palaeolithic timazigawa pawiri. Za pakhoma kapena padenga la phanga timati parietal art: mahatchi ndi ng'ombe zam'tchire za ku Lascaux, phanga la ku France limene anyamata anayi anatulukira mu 1940, za zaka pafupifupi 17,000, mikango ndi zipembere za m'phanga la Chauvet, ku France komweko, lomwe linadziwika mu 1994, za zaka pafupifupi 36,000. Zoti munthu n'kunyamula m'manja timati portable art. Chodziwika kwambiri ndi kachifanizo ka mkazi kosemedwa pamwala, kotalika masentimita 11 okha, komwe kanapezeka ku Willendorf m'dziko la Austria mu 1908. Mabuku amakatcha Venus, dzina la mulungu wamkazi wa Aroma amene wosemayo sanamumvepo n'komwe. Ine m'kalasi ndimangoti mayi wa ku Willendorf.

Mabuku akale ankayambira nkhani yonse ku France ndi ku Spain ngati kuti luso linayambira kumeneko. Koma m'phanga la Blombos ku South Africa munapezeka kachibenthu ka mwala kokhala ndi mizere 9 yofiira yopingasana, ka zaka pafupifupi 73,000. Ndipo pachilumba cha Sulawesi ku Indonesia pali chithunzi cha nguluwe cha zaka zosachepera 45,500.

Kuno kwathu masanjidwe a Thomsen amatsimphina. Akatswiri awiri a ku South Africa, Goodwin ndi van Riet Lowe, anaona kuti mayina a ku Ulaya sakugwirizana ndi zimene ankafukula, ndipo mu 1929 anakhazikitsa ena: Earlier, Middle ndi Later Stone Age. Bronze Age kuno kunalibe. Anthu anachoka pa mwala n'kulunjika pa chitsulo, pamene alimi odziwa ng'anjo ndi kuumba mbiya anafika m'zaka mazana oyambirira Yesu atabadwa. Mapale awo, otchedwa Nkope potengera malo a m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, ndi amene amatizindikiritsa Early Iron Age ya kum'mwera ndi pakati pa Malawi. Ndipo kufika kwa alimi sikunathamangitse osaka nyama tsiku lomwelo. Magulu awiriwa anakhala moyandikana zaka mazanamazana, monganso nthano zathu za Akafula, aja a Mwandionerapati, zimakumbukira.

Amene akufuna kuona zimenezi ndi maso apite ku Chongoni m'boma la Dedza, komwe kuli malo 127 a zojambula pamiyala, amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Malo otseguka kwa alendo ndi Chencherere, Namzeze ndi Mphunzi. Mukaima pansi pa thanthwe, choyamba kukugwirani maso ndi zoyera: nyama zotambalala miyendo ngati chikopa choyanika, zopakidwa ndi chala, dongo lake lochindikala moti mukhoza kuona pamene chalacho chinadutsa. Dikirani pang'ono maso azolowere mthunzi. Kuseri kwa zoyerazo kumayamba kutuluka zofiira zofwifwa, zolowerera m'thanthwe ngati banga: mizere yondondozana, zozungulira zina m'kati mwa zinzake. Zofiirazo akatswiri amati ndi za Abatwa, osaka nyama a Later Stone Age. Zoyerazo ndi za alimi, makolo a Achewa, zina zokhudza chinamwali cha atsikana, zina zokhudza Nyau, ndipo za tanthauzo lake lam'kati eni mwambo ndiwo ali ndi mawu.

Zonsezi ndi pictograph, kutanthauza chithunzi chopaka utoto pamwala. Chogoba kapena chokhokhoza m'mwalamo, ngati akadyansonga a ku Twyfelfontein ku Namibia, ndi petroglyph. Ophunzira amasinthanitsa mawu awiriwa pamayeso chaka ndi chaka.

Nanga timadziwa bwanji chimene chinayamba? Pamene zithunzi ziwiri zakumana, choyera chimakhala pamwamba pa chofiira. Kusanjikizana kumeneku timati superimposition, ndipo nzeru yake ndi ya kudzala: phulusa la dzulo lili pamwamba, la chaka chatha lili pansi. Kumatiuza wamkulu ndi wamng'ono, osati zaka zawo. Kuti tipeze zaka pamafunika radiocarbon, njira imene Willard Libby anatulukira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Chamoyo chilichonse chili ndi kaboni wa mtundu wina amene amayamba kuchepa chikangofa, ndipo theka lake limatha pa zaka 5,730 zilizonse. Njirayi imagwira pa makala, fupa kapena mtengo, mpaka zaka pafupifupi 50,000. Zithunzi zambiri za ku Chauvet anazijambula ndi makala, n'chifukwa chake zaka zake zimadziwika. Utoto wofiira wa ku Chongoni ndi wa dothi lachitsulo, mbale wake wa katondo, ndipo dothi silinakhalepo ndi moyo. Choncho akatswiri amadalira kukumba pansi pa thanthwelo, monga anachitira J. Desmond Clark ku Chencherere mu 1972, n'kupima makala a pamoto wa anthu amene ankagona pamenepo. Koma wokoleza moto uja ndiye wojambula? Pamenepo m'pofunika kusamala pakamwa, ndipo wina akakutchulirani chaka chenicheni cha chithunzi chofiira, mufunseni chimene anapima.

Zoyera zija zinapitirira kujambulidwa mpaka m'zaka za m'ma 1900, sukulu za amishoni zitatsegulidwa kale m'boma lomwelo. Wophunzira wanga uja ndikamufunsa kuti chithunzi chotere achiika pa shelufu iti ya Thomsen, amakanda kumutu, kenako amafunsa ngati funsolo libwere pamayeso.