Siginecha ya fayilo: aifufuze ndani, kernel kapena pulogalamu wamba?

Mukamaika pulogalamu pa kompyuta ya Debian kapena Ubuntu, yomwe ndi mitundu ya Linux, pulogalamu yoika mapulogalamu ena yotchedwa apt imayamba yafufuza siginecha ya mndandanda wa mapulogalamu isanaike kanthu. Si siginecha ya cholembera ayi. Mwini fayilo amaiwerengetsa ndi masamu otchedwa hash, monga SHA-256, amene amatulutsa nambala ya ma byte 32, kenako amadinda nambalayo ndi kiyi wake wachinsinsi. Wina akangosintha chilembo chimodzi m'fayilomo, nambala ija imasinthiratu ndipo chidindo chimakanidwa.

Pamenepa palibe mkangano. Timakangana pa nkhani ya malo oti kufufuzaku kuchitikire. Kernel ndiye mtima wa operating system: imagawa memory, imalankhula ndi disk, ndipo palibe chomwe imaletsedwa. Mapulogalamu ena onse, apt yemwe, amakhala kunja kwake, kumene timati user space.

Vuto la kufufuzira kunja ndi kampata. Pulogalamu yatsegula fayilo, yaona kuti siginecha ili bwino, yatseka. Pakangodutsa kanthawi kochepetsetsa, ikutsegulanso kuti iigwiritse ntchito. Mkati mwa kampata kameneka, munthu amene walowa kale m'kompyutamo atha kuchotsa fayilo yabwino n'kuikapo yake. Akatswiri amatcha zimenezi TOCTOU. Komanso apt imafufuza pa tsiku loika pulogalamu lokha. Fayilo ikasinthidwa patapita mwezi, apt ilibe nazo kanthu.

N'chifukwa chake zinthu zina zimafufuzidwa ndi kernel mwini. Kuyambira Linux 3.7, ya mu 2012, kernel imatha kukana driver (kapulogalamu kothandiza kernel kuyendetsa chipangizo, monga disk) wopanda siginecha yodziwika. Mukayang'ana kumapeto kwenikweni kwa fayilo yosainidwa ya driver wotere, imene amaitcha module, mupeza mawu akuti "~Module signature appended~". Windows Vista ya 64-bit nayonso inkakana ma driver osasainidwa. Apa ine ndilibe chotsutsa. Driver amakakhala m'kati mwa kernel, ndiye kernel singadalire umboni wa pulogalamu yakunja, imene mwina ndi yomwe yagwidwa kale ndi wakuba.

Koma kulowetsa zonse m'kernel kuli ndi mtengo wake, ndipo ambiri amauiwala. Kuti kernel ifufuze siginecha, iyenera kuwerenga masatifiketi a X.509 ndi zolemba za PKCS#7, momwe mumasungidwa makiyi ndi masiginecha, zomwe ndi zopotanapotana kwambiri, komanso zimabwera kuchokera kwa munthu amene simunamukhulupirire. Mu 2016 munapezeka cholakwika, CVE-2016-0758, m'gawo la kernel ya Linux lowerenga ASN.1, kalembedwe ka masatifiketi amenewa, moti munthu wamba pa kompyutapo akanatha kudzipatsa mphamvu zoposa zake pongotumiza data yokonzedwa mwachinyengo. Cholakwika chotere chikakhala mu user space chimagwetsa pulogalamu imodzi, pomwe m'kernel chimapereka makina onse. Ndiye pali nkhani yosintha makiyi, kuchotsa kiyi wobedwa, kapena kuyamba masamu atsopano. Kunja izi n'zongosintha pulogalamu, pamene m'kernel nthawi zina zimafuna kuti kernel yatsopano imangidwe.

Njira imene imandisangalatsa ndi ya fs-verity, yomwe inalowa mu Linux 5.4 mu 2019. Imagawa ntchito pawiri. Fayilo imadulidwa m'zidutswa, kawirikawiri za ma byte 4096, chidutswa chilichonse n'kukhala ndi hash yake, ndipo ma hash onsewo amalumikizidwa mpaka kutsala nambala imodzi pamwamba. Pulogalamu yakunja imafunsa kernel nambala imeneyo, n'kuiyerekeza ndi siginecha pogwiritsa ntchito makiyi ndi malamulo amene mwini makina wasankha. Ya kernel ndi kuonetsetsa kuti fayiloyo isasinthenso. Siilola kulembedwa, ndipo chidutswa chilichonse chikamachokera pa disk imachifufuza nthawi yomweyo. Wina akalambalala n'kukasintha byte imodzi pa disk penipenipo, pulogalamu yowerenga chidutswacho silandira data yoipayo, imangobwezeredwa uthenga wa EIO, wonena kuti kuwerenga kwalephereka.